TIONETSENI MABUKU A KHONSOLO

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Nthambi. Tawalemba muno kuti amene sanafike amve nao.

Nkhani imene tabwera nayo lero si ya chipani chakuti kapena ya munthu wakuti ai. Ndi nkhani ya ndalama zathu zimene zilowa ku Khonsolo tsiku ndi tsiku, ndi ya mkangano umene ubuka chaka ndi chaka akuluakulu akakhala pansi kuti azigawe. Ambiri a ife tingomva mphekesera: akuti ku Khonsolo kwabvuta, akuti makhansala atuluka msonkhano uli mkati, akuti a Phungu akwiya. Tikafunsa chimene alikulimbirana, palibe wotiuza zomveka. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chifukwa chake tifuna kuti lero timve tokha kumene ndalamazi zichokera, amene azigwira, ndi mphamvu imene lamulo latipatsa yakuti tione mabuku ndi maso athu.

Msonkho si chinthu chachilendo kwa ife. Makolo athu anakhoma msonkho wa nyumba m'masiku a Atsamunda, ndipo ambiri anapita ku Halale ndi ku Joni kukafuna makobidi ake. M'chaka cha 1933 Boma la Atsamunda linapatsa Mafumu akuluakulu mabwalo ao, ndipo pambuyo pake matumba ao a chuma mmene munali kulowa kagawo kochepa ka msonkho uja. M'chaka cha 1953, chaka chomwe anatikakamiza Chitaganya, anaika lamulo la makhonsolo a m'maboma. Koma mabuku anali m'Chingerezi, makiyi anali kwa Bwana DC, ndipo mwini msonkho anali kuima panja chipewa chiri m'manja. Ufulu utabwera mu 1964 mphamvu zambiri zinasamukira ku likulu. Akuluakulu muli pano mukumbukira kuti pa chipata cha msika anali kukufunsa khadi la chipani. Palibe anali kukufunsa maganizo ako pa za ndalama za msikawo.

Zinthu zinasintha mu 1994. Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 12, anena kuti mphamvu zonse zolamulira zichokera kwa anthu, ndipo amene azigwira angosungizidwa. Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi mfundo ija tinaitcha Mphamvu ku Anthu. Makhansala oyamba tinawasankha mu 2000. Nthawi yao itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike kufikira mu May 2014. Zaka 9 zathunthu Khonsolo inali kudya ndi kugawa popanda munthu wosankhidwa ndi mudzi kuti ayang'ane m'mbale. Mwana wobadwa mu 2005 anafika Sitandade 3 asanaonepo khansala. Musadabwe tsono mukaona kuti m'maofesi ena funso la munthu wamba aliyesa chipongwe. Anazolowera kudya okha, chitseko chiri chotseka.

Ndalama za Khonsolo zichokera m'mitsinje itatu. Woyamba ndiwo wa pakhomo pomwe pano: tikiti ya pamsika, chiphaso cha golosale, cha chigayo ndi cha malo omwera mowa, ndalama za pa depoti, ndi msonkho wa nyumba ndi malo m'matauni. Wachiwiri ndiwo wochokera ku Boma lalikulu, wa sukulu, zipatala, ulimi ndi chitukuko. Wachitatu ndiwo wa abwenzi akunja, monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imene mu 2020 inabvomereza madola 100 miliyoni a nchito yotchedwa GESD, yopatsa ndalama zoonjezera kwa makhonsolo a m'maboma amene asunga bwino mabuku ao. Onetsetsani pamenepo: Khonsolo ikalemba mabuku mwachisawawa, amene ataya chipatala ndi mlatho si kalaliki ai, koma ife.

Tsono tiyeni tikhalitse pa mtsinje woyamba, pakuti ndiwo umene titunga ndi manja athu. Mai wogulitsa tomato afika pamsika tambala atangolira, ayala chiguduli, ndipo asanagulitse ngakhale mulu umodzi wodula matikiti waima kale pamutu pake. Alipira. Tsiku lina apatsidwa tikiti, tsiku lina auzidwa kuti buku latha, tsiku lina apatsidwa tikiti yadzulo imene mnzake anataya. Tsiku lina wodulayo amunong'oneza kuti, patseni theka basi, tikiti isiyeni. Maiyo akondwa poyesa kuti wapulumutsa theka, osadziwa kuti ndalama yonseyo yalowa m'thumba la munthu, ndipo ku Khonsolo kwalembedwa kuti pamalo pajapo panalibe wogulitsa.

Tiwerengere limodzi, ndipo uku ndi kungoyerekeza chabe kuti tione kukula kwa chinthu. Tinene kuti pa tsiku la msika waukulu pali ogulitsa 400, ndipo aliyense apereka K300. Pa tsiku limodzi ndi K120,000. Msika ukakhala kawiri pa mlungu ndi K240,000. Pa chaka ndi K12,480,000, osawerengera masiku wamba, osawerengera mabenchi a nyama, maokala ndi a kabaza. Kodi pamsika pathu pano muona chiani chofanana ndi ndalama zotere? Chimbudzi chadzaza, zinyalala zafika m'chiuno, mpopi unauma, ndipo mvula ikagwa nsomba ndi matope zikhala pamodzi. Ife sitinena kuti wakuti waba, pakuti mlandu sauweruza ndi mphekesera. Tinena kuti chiwerengero chimene ife tingachipeze ndi pensulo pansi pa mtengo, Khonsolo iyenera kukhala nacho m'buku, ndipo ziwiri izi ziyenera kuonana maso ndi maso. Zikafanana tidzaomba m'manja. Zikasiyana tidzafunsa kumene kwatsalira zina.

Bajeti, ndiye kuti ndondomeko ya chuma cha chaka, ili ndi njira yake yolembedwa bwino ndithu. Iyenera kuyambira m'komiti ya chitukuko ya kwa Nyakwawa wamkulu, imene tiitcha VDC, nipita ku komiti ya kwa Mfumu yaikulu, ADC, nifika ku ofesi ya Khonsolo. Kumeneko akalaliki aisonkhanitsa, komiti ya makhansala ya za chuma niiunika, msonkhano waukulu wa Khonsolo niuibvomereza, ndipo bungwe la ku likulu loyang'anira chuma cha makhonsolo, National Local Government Finance Committee, liionanso isanalowe m'bajeti ya dziko lonse ku Nyumba ya Malamulo. Kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha Boma chiyamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March. Ichi chisungeni pamtima, pakuti chitanthauza kuti mau a bajeti aphikidwa m'dzinja, nthawi yomwe ife tiri kalikiliki kupalira ndi kubandira. Tikadzafika ndi madandaulo athu pa nthawi yokolola, nsima yapsa kale, ndipo yaomoledwa.

Nanga mkangano uchokera kuti? Uchokera pakuti m'nyumba imodzi muli amuna atatu, ndipo aliyense ayesa kuti mtondo ndi wake. Woyamba ndi khansala, amene tinamsankha ife. Wachiwiri ndi DC, kapena Mkulu wa Khonsolo m'matauni monga Luchenza, Kasungu ndi Mangochi. Iyeyu ndiye asaina macheke, koma chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010 amuika paudindo ndi Nduna, kotero kuti maso ake ayang'ana ku Lilongwe koposa kuno. Khansala angakuwe mpaka mau kusasa, sangamchotse. Wachitatu ndi Phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, amene kusintha komweko kwa 2010 kunampatsa mphamvu yoponya voti m'Khonsolo. Mafumu athu akhala nao m'msonkhano, koma voti alibe.

Chimene chinakoleza moto kwambiri ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF. Linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa. Linakula pang'onopang'ono, mu 2022 linafika K100 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo mu 2024 linafika K200 miliyoni. Ndalamazi zinali kudzera m'buku la Khonsolo, koma amene anali kuloza kuti mlatho ukhale apa, njerwa zigulidwe kwa uyu, anali Phungu. Zikayenda bwino, dzina linali la Phungu. Zikasowa, wofunsidwa anali DC. Khansala anali kungoonerera ngati mlendo pa maliro a kwa eni. Chifukwa chake bungwe la makhonsolo onse, MALGA, linakasuma, ndipo mu May 2025 Bwalo Lalikulu la milandu linagamula kuti sikuli koyenera, monga mwa Malamulo aakulu, kuti aphungu aziyendetsa thumbali kapena kuponya voti m'Khonsolo, pakuti nchito ya Phungu ndiyo kupanga malamulo ndi kulondera Boma. Mlonda sangakhalenso mwini makiyi a nkhokwe imene alonda. Aphungu sanakondwe nacho chigamulochi, ndipo mkangano sunathere pomwepo.

M'chaka chomwecho cha 2025 a Peter Mutharika analonjeza kuti dera liri lonse lizilandira K5 biliyoni pa chaka. Madera pa chisankho cha 2025 analipo 229. Chulukitsani nokha: ndi ndalama zoposa K1 thililiyoni. Dera limene linali kulandira mbale imodzi lalonjezedwa mbale 25. Ife sitikana chitukuko. Ndani angakane chipatala? Koma tifunsa: ngati dengu linali kudontha liri ndi K200 miliyoni, lidzatani likasenza K5 biliyoni? Kulimbana kwakuti agwire ndani, Phungu kapena khansala kapena DC, ndi nkhani ya iwo atatu. Nkhani yathu ndi yakuti, agwire aliyense, agwirire poyera. Khansala si mngelo chifukwa chakuti akhala pafupi. Nayenso ali ndi mlamu wake womanga nyumba, nayenso ali ndi chisankho chimene alikuchiopa.

Pali chirombo china chimene chidya ndalama popanda kuthyola chitseko, ndicho alawansi. Mukumbukira za K6.2 biliyoni zimene Boma linatulutsa mu 2020 zolimbana ndi mliri wa Covid-19. Gawo lina linapita ku makhonsolo. Mu February 2021 ma DC ambiri anayamba aimitsidwa pa nchito chifukwa cha ndalamazo, ndipo mu April chaka chomwecho lipoti la Mkulu wofufuza mabuku a Boma linaonetsa kuti zina mwa izo zinathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata njira. Nduna imodzi inachotsedwa. Abale athu anali kufa posowa mpweya m'zipatala pamene ena anali kusaina mapepala a misonkhano. Chimene chiwawa pa alawansi ndi chakuti kawirikawiri ali ndi pepala lake, ndi sitampa yake, ndi saini yake. Msonkhano woti ukanachitikira m'holo ya Khonsolo aupititsa ku nyanja kuti pakhale ndalama yogonera. Wakuba nkhuku timgwira ndi nthenga kukamwa, koma uyu tingamgwire pokhapo titaona mzere wa m'buku wonena kuti zoyendera ndi misonkhano zadya zochuluka chotani, ndipo zokonzera msika zatsala zingati.

Koma tisakhale anthu oweruza mbali imodzi. Si kusowa konse kwa chitukuko kumene kuli kuba. Mfundo ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira magawo 5 pa 100 ali onse a ndalama zimene Boma litolera, zoti achitire chitukuko, ndipo makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti zimene alandira ziperewera, ndiponso zifika mochedwa. Bajeti ingalembe chipinda cha sukulu, ndalama nizifika mwezi wa mvula, simenti itakwera kale mtengo. Mu November 2023 ndalama yathu ya Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo nchito zambiri zimene anaziwerengera kale zinaima panjira. Palinso ena a ife, eni masitolo ndi nyumba za lendi, amene sanakhome msonkho wa malo zaka zambiri, koma ndiwo ayamba kukuwa kuti mseu uli ndi maenje. Palinso mkangano woona, wopanda wakuba, pamene mudzi wa kumtunda ufuna mjigo ndipo wa kumunsi ufuna mlatho, ndalama ziri za chimodzi chokha. Mkangano wotere ndi wabwino, ndiwo nchito yeniyeni ya Khonsolo. Chobvuta ndi chakuti mabuku akabisika, sitingathe kusiyanitsa wakuba, woononga ndi wosowa. Onse atatu aoneka nkhope imodzi, ndipo kalaliki wokhulupirika anyozedwa pamodzi ndi mbala. Kotero DC woongoka ayenera kukhala woyamba kukhoma mapepala pakhoma, pakuti ndiwo adzamuyeretsa.

Tsopano imvani za mphamvu yathu. Ndime 37 ya Malamulo aakulu ipatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene Boma lisunga. Lamulo lofotokoza njira yake, la Access to Information, linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, linasainidwa mu 2017, koma linagona m'kabati kufikira pa 30 September 2020 pamene linayamba kugwira nchito. Lamuloli liti ofesi iri yonse ya Boma, ndi Khonsolo yomwe, ikhale ndi munthu wolandira mafunso a anthu, ndipo ayankhe asanathe masiku 15 a nchito. Akakana, anene chifukwa chake. Bungwe loona za ufulu wa anthu, Malawi Human Rights Commission, ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira kuti lamuloli litsatidwe. Ndiponso lamulo la 1998 lija liti misonkhano ya Khonsolo ndi yotsegukira anthu. Ndani wa ife pano anakhalapo pa benchi ya kumbuyo kumvetsera makhansala akukambirana bajeti? Kwezani manja. Mwaona nokha kuchepa kwake. Safunsa anadya phula, abale, ndipo ife tadya lambiri.

Tikapita, tisapite ndi mau akuti tiuzeni za ndalama, pakuti funso lotambalala liyankhidwa ndi mau otambalala. Tipite ndi mafunso a mutu umodziumodzi. Tifuna bajeti imene msonkhano waukulu unabvomereza chaka chino, ndi ya chaka chatha pambali pake. Tifuna kudziwa zimene msika wathu uno unatolera mwezi ndi mwezi, ndi zimene zinabwerera kudzakonza msikawo. Pa nchito iri yonse ya chitukuko m'dera lino tifuna dzina la womanga, mtengo umene anagwirizana, ndalama zimene walandira kale, ndi dzina la amene anasaina kuti nchito yatha. Saini yomalizayi ndiyo mutu wa nkhani. Chipinda cha sukulu chimene chang'ambika chisanathe chaka, alipo munthu amene anaima patsogolo pake nalemba kuti chiri bwino. Tifunanso lipoti la ofufuza mabuku ndi yankho limene Khonsolo inapereka. Ndipo zonsezi zilembedwe m'Chichewa, m'zilembo zazikulu, zikhomedwe pamsika, pa chipatala ndi pa bwalo la Mfumu, osati m'kakhonde ka kuofesi kumene mlonda akufunsa kuti ufuna yani. Bajeti ya m'Chingerezi cha akauntanti, yokhala m'kompyuta ya munthu mmodzi, ndi yobisika ngakhale ainene kuti iri poyera.

Adzatiuza kuti a bwana kulibe, mubwere mawa. Tidzabwera mawa, ndipo tidzalemba tsiku. Adzatiuza kuti izi nzachinsinsi. Tidzapempha kuti atilembere mau omwewo papepala ndi kutchula lamulo limene libisa bajeti ya Khonsolo kwa eni ake. Adzatiuza kuti tatumidwa ndi chipani chotsutsa. Mau awa anawanenapo a zipani zonse pamene anali pampando, ndipo anawamvanso pamene anatsika. Ena adzaitana mmodzi wa ife kuseri, nadzampatsa kanchito koyang'anira njerwa kapena malo m'komiti ya alawansi. Ichi ndicho tichiope koposa kuopsezedwa, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chifukwa chake ku ofesi kusapite munthu mmodzi. Tizipita atatu kapena anai, mai akhalepo, wachinyamata wodziwa masamu akhalepo, ndipo chimene amva adzanene pa msonkhano wa onse.

Ena mwa inu, makamaka a pamsika, mwanena kuti tingoleka kudula matikiti kufikira chimbudzi atachikonza. Mkwiyo wanu tiumva, ndipo m'misika ina m'dziko muno anachitapo zotero. Koma ife tiona kuti uwu ndi mkondo wosungira kumapeto. Tikaleka kulipira lero, oyamba kusowa malipiro ndi wosesa pamsika ndi mlonda wa usiku, amene ali anzathu, ndipo ofesi ipeza pothawira: idzati tikonze ndi chiani popeza simulipira? Koma munthu wokhala ndi matikiti a miyezi itatu m'manja ali ndi pakamwa. Lipirani, koma musalole kuchoka opanda tikiti ya tsiku lomwelo, yokhala ndi nambala yake. Wokupatsani theka mkaneni. Ndipo tikapeza umboni weniweni wakuti ndalama zabedwa, sitidzapita kukaswa mawindo kapena kutentha ofesi, pakuti m'moto mupsa mabuku omwe tifunawo, ndipo wakuba ndiye avina. Tidzapita nao ku Anti-Corruption Bureau ndi kwa Ombudsman, zolemba ziri m'manja.

Kwa inu makhansala amene mwatilemekeza pobwera, tikuti: musachite manyazi kunena kuti mapepala a bajeti mwawalandira m'mawa wa tsiku la msonkhano. Kanani kubvomereza chimene simunawerenge. Pemphani kuti afike kwa inu mlungu wathunthu msonkhano usanachitike, ndipo mubwere nao kuno tiwerengere pamodzi. Pakati pathu pali aphunzitsi opuma ndi ana a Fomu 4 amene masamu sawabvuta. Kwa inu Mafumu, ngakhale mulibe voti, muli ndi mau, ndipo palibe DC amene angatseke khutu Mfumu ikafunsa pamaso pa anthu. Tikupemphani kuti saini yanu isapite pa pepala la nchito imene simunaione ndi maso.

Tsono zochita ndi izi. A Mlembi alembe kalata yopita ku Khonsolo mlungu uno, yokhala ndi mafunso amene tatchula, ndipo atenge makope awiri kuti imodzi aidinde ndi kubwera nayo. Amai a pamsika asankhe anthu anai owerenga ogulitsa pa masiku a msika waukulu kwa mwezi wathunthu, benchi ndi benchi, nalembe m'kope la sukulu. Achinyamata ayendere nchito zonse za chitukuko za m'dera lino, ajambule ndi foni chikwangwani ndi chimango chomwe, ndipo pamene palibe chikwangwani alembe kuti palibe. A Msungichuma a Nthambi, inunso mubwere ndi buku lanu la zopereka pa msonkhano wotsatira, muliwerenge mokweza tisanayambe za Khonsolo. Amene ali ndi matikiti akale kunyumba awapereke kwa a Mlembi potuluka kapena Loweruka m'mawa pamsika.